Anniyan: mafunso amene anthu amandifunsa pa filimu ya loya wokhala ndi anthu atatu m'mutu

Chitchulireni kuti Anniyan ndi filimu yachimwenye yomwe ndaibwereza kuonera kuposa ina iliyonse, anthu akhala akundifunsa zinthu zofananafanana, ena pa WhatsApp ena pamaso, nde ndati bola ndingosonkhanitsa mafunsowo ndiyankhe kamodzi basi. Ndinenerenso pano kuti ndiulula nkhani yonse mpaka kumathero, ngati simunaionere ndipo simufuna kuuzidwiratu, funso lomaliza mulidumphe.

Kodi Anniyan ndi filimu yanji, nanga dzinalo likutanthauza chani?

Ndi filimu ya chiTamil yomwe inatuluka pa 17 June 2005. Anaitsogolera ndi S. Shankar, ndalama anaika ndi V. Ravichandran wa kampani ya Aascar Films, ndipo wosewera wamkulu ndi Vikram. Mawu oti anniyan m'chiTamil ndi munthu wachilendo, mlendo amene simukumudziwa. Ndi yaitali, maola atatu athunthu, ndiye musaiyambe poto ali pamoto.

Mesa ndi za Bollywood zomwezi?

Ayi ndithu, ndipo mukanena choncho kwa munthu wa ku Chennai akuyang'anani ndi diso lofiira. Ife kuno filimu iliyonse yokhala ndi nyimbo ndi magule timangoti yachimwenye, koma ku India kuli zilankhulo zambiri ndipo chilichonse chachikulu chili ndi mafilimu akeake. Bollywood ndi ya chiHindi, likulu lake ku Mumbai. Ya chiTamil ili ku Chennai m'chigawo cha Tamil Nadu kummwera kwa dzikolo, ndipo amaitcha Kollywood chifukwa cha dera la Kodambakkam komwe kunadzadza masitudiyo. ChiTamil ndi chiHindi sizimvana olo pang'ono, zilembo zake nzosiyananso. AchiTamil aliponso ambiri ku Sri Lanka, Malaysia ndi Singapore, ndipo anzathu amene muli ku Durban, ambiri mwa amwenye mumakumana nawowo makolo awo anachokera kummwera komweko, anayamba kubwera m'chaka cha 1860 kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe.

Nkhani yake ndi yotani mwachidule?

Pali loya wina dzina lake Ramanujam, onse amangomuti Ambi. Ndi wa banja lachipembedzo kwambiri, amakhala ku Triplicane mu mzinda wa Chennai, ali ndi chizindikiro cha chipembedzo pachipumi ndi katsitsi komanga kumbuyo kwa mutu, ndipo ndi munthu wa malamulo woti mpaka amatopetsa. Akaona munthu walavula mumsewu amamuimitsa, akaona wadumpha maloboti amadandaula, chilichonse iye ndi kalata ya madandaulo, ndipo palibe amamumvera, amangomuseka. Amakonda mtsikana woyandikana naye nyumba, Nandini, yemwe anasewera ndi Sadha, koma pomufunsira amachita ngati akulemba kalata yofunsira ntchito ku boma, nde mtsikanayo amamukana kuti sangakhale ndi munthu wa malamulo chonchi. Ambi amaganiza zodzipha koma amabwerera chifukwa wakumbukira kuti kudzipha nkuphwanya lamulo. Munthu wake ndi ameneyo.

Ndiye mkwiyo umene wakhala akumeza zaka zonsezi umatulukira kwina. M'mutu mwake mumabadwa anthu ena awiri iye osadziwa. Wina ndi Remo, mnyamata wa mafashoni wolankhula chizungu chothyola khosi amene amakopa Nandini mosavuta. Winayo ndi Anniyan, wovala zakuda tsitsi litagwera kumaso, amene ali ndi webusaiti yoti anthu azilembapo madandaulo, akawerenga amapita kukapha wolakwayo. Wapolisi wamkulu Prabhakar, yemwe anasewera ndi Prakash Raj, ndi amene amamusaka, mothandizidwa ndi Chari, wapolisi wanthabwala amenenso ndi mnzake wa Ambi. Chari anasewera ndi malemu Vivek.

Anthu amene amaphedwawo amakhala atalakwa chani?

Apa ndi pamene filimuyi inandigwirira ine, ndipo ndi pamene imasiyana ndi mafilimu ena a munthu wobwezera. Tinazolowera kuti ngwazi imalimbana ndi nduna yakuba, bwana wa zigawenga, wogulitsa mankhwala ozunguza bongo, anthu oti ukamaonera umati eya amenewo ndi oipa, ine ndilibe nawo gawo. Koma Anniyan sapita kwa akuluakulu otero. Woyamba kufa ndi bambo wina amene anakana kunyamula munthu wovulala pangozi kupita naye kuchipatala poopa kuti magazi adetsa galimoto yake. Wina ndi kontilakita wophika zakudya za m'sitima amene amadyetsa anthu zakudya zosayenera. Winanso ndi mwini fakitale yopanga mawaya a buleki osalimba. Ngakhale Nandini weniweniyo, mkazi amene Ambi amamufera, Anniyan amamuthamangitsa kuti amuphe chifukwa pogula malo analembetsa mtengo wotsika kuti alipire msonkho wochepa.

Tsono tangoganizani, ndani mwa ife sanachitepo kanthu kofanana ndi kameneka. Ine nkhani ya waya wa buleki ija inandikhudza chifukwa zinandichitikirapo, ndinagula waya wa njinga pa kagolosale kena mwini wake akulumbira kuti ndi orijino, patangotha masiku atatu ukuduka ndikutsetsereka ndi thumba la chimanga kumbuyo, ndinakathera mu ngalande bondo lonse litasupuka. Nditabwerera kukadandaula anangondiuza kuti katundu akatuluka sabwerera, uku akutafuna nzimbe. Tsiku limene ndinaonera Ambi buleki ikumudukira pa kanjinga kake kamoto ndinaseka kwambiri, koma kenako chikumbumtima chinandikumbutsa kuti sabata yomweyo inenso ndinali nditapatsa munthu kenakake kuti andidumphitse pamzere.

Pali malo ena Anniyan amasonkhanitsa khwimbi la anthu mu sitediyamu nkuwalalikira, amayerekeza India ndi maiko ngati Japan ndi Singapore amene anatukuka, nkunena kuti vuto si atsogoleri okha koma aliyense amene amati kulakwa kwanga nkochepa. Mfundo yake, yomwe imabweranso m'malo angapo, ndi ya masamu: kuba kandalama kakang'ono kamodzi anthu amati si nkhani, koma anthu mamiliyoni akaba kandalama komweko kambirimbiri, dziko latha. Wolemba mawu a m'filimuyi anali Sujatha, dzina lomwe ankalembera mkulu wina wotchedwa Rangarajan, injiniya komanso mlembi wotchuka wa chiTamil amene anamwalira mu 2008, ndipo masamu amenewa akuonekeratu kuti anachokera m'mutu wa injiniya.

Chimene chinamupweteka Ambi poyamba chilinso chamtundu womwewu. Ali mwana mlongo wake wamng'ono, Vidya, anagwera m'chithaphwi cha madzi a mvula momwe munali waya wa magetsi woduka, nkufera pomwepo. Panalibe chigawenga, kunali anthu angapo chabe amene aliyense sanagwire ntchito yake, ndipo kukhothi onse anapulumuka.

Nanga zilango zachilendo zija anazitenga kuti?

Anazitenga m'buku lakale lachiHindu lotchedwa Garuda Purana, m'chiTamil amati Garuda Puranam, lomwe mwa zina limafotokoza zilango zimene mizimu ya ochimwa imalandira ikafa, tchimo lililonse ndi chilango chake. Anniyan amangozibweretsa pansi pano. Wokana kunyamula wovulala uja amamuponya m'phanga nkumupondetsa ndi gulu la njati. Wa zakudya za m'sitima amamupaka zokometsera thupi lonse ngati nkhuku nkumuviika m'chiwaya cha mafuta owira, chilango chimenechi dzina lake Kumbhipakam. Wa mabuleki amamuthira misundu kuti imuyamwe magazi, ichi ndi Krimibhojanam. Pamalo pomwe wapha amasiya dzina la chilangocho zilembo zake atazisokoneza, nde apolisi amavutika kuti amvetse. Ndipo wokazingidwa uja amapezeka kuti ndi mchimwene wake wa Prabhakar, basi kuyambira pamenepo wapolisiyo sakusakanso chifukwa cha ntchito, akufuna kubwezera.

Ndinene kuti malo amenewa si oonera ndi ana aang'ono, olo nyimbo zake zikhale zokongola bwanji.

Shankar ameneyu ndi ndani?

Ndi dairekita amene kwa zaka zambiri amadziwika kuti ndi wodula kwambiri kummwera kwa India, munthu woti sangajambule nyimbo pabwalo wamba ngati pali mwayi wopita nayo kunja. Filimu yake yoyamba inali Gentleman ya 1993, ya munthu amene amaba ndalama kuti amange sukulu ya ophunzira osauka. Mu 1996 anatulutsa Indian, momwe Kamal Haasan anasewera nkhalamba yomwe inamenyera ufulu wa dzikolo ndipo tsopano ikupha olandira ziphuphu, mpaka mwana wake weniweni. Mu 1999 kunabwera Mudhalvan, ya mtolankhani amene amapatsidwa mpando wa nduna yaikulu ya chigawo kwa tsiku limodzi. Mukuona kuti mutu wake ndi umodzimodzi, munthu mmodzi wotopa ndi katangale amene amaganiza zokonza dziko ndi manja ake.

Koma atangotsala pang'ono kupanga Anniyan zinthu sizinali bwino kwenikweni. Filimu yake ya chiHindi, Nayak ya 2001, sinagulidwe bwino, ndipo Boys ya 2003 anthu ambiri ku Tamil Nadu anaidzudzula kuti ndi yolaula. Nde Anniyan inali ngati kubwerera kumunda umene amaudziwa, ndipo anabwerera ndi khasu lalikulu. Pambuyo pake ndi pamene anapanga Sivaji mu 2007 ndi Enthiran mu 2010, onse awiri ndi wosewera wotchuka Rajinikanth.

Zoona kuti anthu atatu onsewo ndi Vikram yekha?

Eya, ndi yekha, ndipo si kuti anangosintha zovala. Ambi amayenda mapewa atagwa, mawu ake ndi opyapyala odandaula, manja amangowapinda ngati akupepesa nthawi zonse. Remo ndi wonyada, amayenda ngati pansi ndi pake. Anniyan mawu amachokera pansi pa mimba ndipo maso amayang'anira mmwamba kudzera mu tsitsi. Chizindikiro choti zinthu zasintha ndi katsitsi ka Ambi kaja, kakamasuka nkugwera kumaso dziwani kuti wina afa.

Malo amene aliyense amawakumbukira ndi kumapeto, Prabhakar atamutsekera m'chipinda nkumuzunza. Pamenepo Vikram amasintha kuchoka kwa Ambi kupita kwa Anniyan nkubwereranso kangapo mkati mwa masekondi ochepa, uku akulira kupempha chifundo uku akuopseza, zovala zomwezo nkhope yomweyo, palibe kompyuta ikumuthandiza. Wapolisiyo mpaka amatchula akatswiri akale a mafilimu a chiTamil nkunena kuti onsewo anawaona koma wotere sanamuonepo. Ine kagawo kameneka ndinakabwereza pafoni mwina kakhumi, ndikufuna ndigwire pamene akusinthira, koma umangozindikira wasintha kale.

Mbiri ya munthuyu nayo ndi filimu payokha. Dzina lake lenileni ndi Kennedy John Victor, anabadwa mu 1966. Ali ku koleji anachita ngozi yoopsa ya njinga yamoto moti madokotala amaganiza zodula mwendo, anachitidwa maopaleshoni oposa 20 ndipo anakhala nthawi yaitali osayenda. Atachira anavutika zaka pafupifupi 10 m'mafilimu osatchuka, pena kumangolankhulira osewera anzake mawu kuti apeze ya ndiwo, mpaka Sethu ya 1999 inamutulutsa, ndipo dzina loti Chiyaan limene amamutcha linachokera mmenemo. Pofika nthawi ya Anniyan anali atapata kale mphoto ya dziko lonse ya wosewera wabwino chifukwa cha Pithamagan ya 2003.

Inadya ndalama zingati, nanga anaijambula nthawi yaitali bwanji?

Ku India amawerenga ndalama zambiri ndi mawu oti crore, ndipo crore imodzi ndi 10 miliyoni. Anniyan inadya pafupifupi 26 crore ya ma rupee, kutanthauza cha m'ma 260 miliyoni, ndipo nthawi imeneyo inali filimu yodula kuposa ina iliyonse yomwe inapangidwapo kummwera kwa India. Ntchito inayamba mu March 2004 nkutenga kuposa chaka. Ojambula anali awiri, V. Manikandan ndi Ravi Varman, womanga malo ojambulira anali Sabu Cyril.

Ndewu ija ya anthu ambirimbiri m'sukulu ya karate anaijambula bwanji?

Imeneyo ndi ntchito ya Peter Hein, katswiri wokonza ndewu amene pambuyo pake anagwiranso ntchito pa filimu ya Baahubali. Nandini pothawa amalowa m'holo momwe anthu akuphunzira masewera omenyana, nde Anniyan amamenyana ndi gulu lonselo, anthu oposa 100, ambiri mwa iwo anachita kuwaitanitsa ku Vietnam.

Chimene chinadabwitsa anthu ndi paja munthu amaima m'malere ngati wauma koma kamera nkumamuzungulira. Si kamera imodzi imeneyo. Amandandalika makamera ambiri mozungulira, pano anali pafupifupi 120, onse nkujambula kamodzi pa mphindi yomweyo, kenako zithunzizo amazilumikiza motsatana, nde diso lako limaona ngati ukuyenda mozungulira munthu amene nthawi yamuimira. Njira imeneyi inatchuka ndi The Matrix ya 1999, ndipo Shankar anali ataiyesapo kale pa nyimbo ina mu Boys ndi makamera ochepa. Masiku ano ana amaona ngati zachibwana poti foni iliyonse imachita zodabwitsa, koma mu 2005 zinali zoti ukatuluka mu holo umakambirana njira yonse.

Zinali ndi mtengo wake. Anthu ouluka aja amakhala atamangidwa zingwe zenizeni, ndipo pojambula gawo limeneli panachitika ngozi moti angapo mwa anyamata ogwa m'malo mwa ena anavulala ndithu. Mayina awo sitimawadziwa ife oonera, timangoombera m'manja ngwazi.

Nyimbo zija anakazijambulira kuti? Maluwa aja ndi enieni?

Enieni. Nyimbo ya Ambi ndi Nandini ali pakati pa minda ya maluwa a tulip anakaijambulira ku Netherlands, ndipo maluwa amenewa amamasula nyengo yochepa chabe cha m'ma April ndi May nde amayenera kufika pa nthawi yake. Ya Remo anaijambulira ku Malaysia, pa bwalo la ndege la Kuala Lumpur komanso pa nsanja za Petronas, ndipo mawu ake ali ndi mayina a zinthu zamakono ngati Nokia, zomwe zimakuuzani chaka chake osafunsa.

Koma yomwe imandisangalatsa ine ndi ya kumudzi ija. Anapita dera la Tenkasi kummwera kwa Tamil Nadu nkupenta chilichonse chimene diso likuona: nyumba mazanamazana, msewu, mlatho, malole, mpaka miyala ikuluikulu anajambulapo nkhope za akatswiri a mafilimu. Ndimangoganiza agogo ena a m'mudzimo akudzuka m'mawa nkupeza nyumba yawo yasanduka yachikasu ndi mizere yobiriwira. Kodi nyimboyi ikuthandiza chani pa nkhani ya munthu wodwala amene akupha anthu? Palibe olo. Koma ndi mmene mafilimu amenewa amakhalira, munthu walipira tikiti apeze zonse, ndewu, nthabwala, chikondi, ulaliki, magule, ndichifukwa chake amawatcha mafilimu a masala, zokometsera zosakaniza.

Palinso gawo la mwambo wa nyimbo zachikale umene umachitika chaka ndi chaka ku Thiruvaiyaru pokumbukira wopeka nyimbo Thyagaraja. Ameneyo anachita kumanga malo ofanana nawo nkuitana oimba enieni a nyimbo zamtunduwu kuti akhale nawo.

Bwanji nyimbo sanapange A. R. Rahman poti ndi amene amagwira ndi Shankar?

Mafilimu onse a Shankar kuyambira 1993 kufikira nthawi imeneyo nyimbo ankapanga ndi Rahman, ndipo Anniyan inali yoyamba popanda iye chifukwa anatanganidwa ndi ntchito zina. Anatenga Harris Jayaraj, amene kale anagwirapo ntchito yoimba kiyibodi pansi pa Rahman yemweyo. Sanachititse manyazi.

Itatuluka anthu anailandira bwanji?

Inagulidwa kwambiri. Chaka cha 2005 chinali chotentha ku Kollywood, mu April kunali kutatuluka Chandramukhi ya Rajinikanth, yomwenso mwangozi ikukamba za munthu wokhala ndi umunthu wina mkati mwake, ndipo mu September kunabwera Ghajini ya Suriya. Anniyan inaima nawo bwinobwino pakati pa zimphona zimenezi. Anaimasulira m'chiTelugu ndi dzina loti Aparichithudu ndipo kuchigawo cha Andhra Pradesh anthu anaikonda ngati yawo, kuchigawo cha Kerala nakonso inayenda. Ya chiHindi, Aparichit, inatuluka mu 2006, m'maholo sinachite zodabwitsa koma ma TV ataiyamba kuibwereza inatchuka mpaka kumpoto. Inamasuliridwanso m'chiFalansa.

Pa mphoto, inatenga ya dziko lonse ya zithunzi zopangidwa ndi kompyuta, mphoto 8 za magazini ya mafilimu ya Filmfare za kummwera kuphatikizapo filimu yabwino, dairekita ndi wosewera wamwamuna, komanso 6 za boma la Tamil Nadu. Koma chizindikiro chenicheni choti filimu yalowa m'magazi a anthu si zikho. Mpaka lero kumeneko munthu wofatsa wokonda malamulo amamutcha Ambi, wotchena kwambiri amamuti Remo, ndipo wandale akanena izi lero mawa nkusintha, pa intaneti pamadzadza zithunzi za Vikram akusintha nkhope.

Panalibe oidzudzula?

Analipo, ndipo ena mfundo zawo nzomveka. Ena anati Shankar wangotenthetsa ndiwo zadzulo, nkhani ndi yomwe ija ya Gentleman ndi Indian wangosintha mbale. Ena anadandaula kutalika, makamaka nyimbo zomwe zimaimitsa nkhani pamene yafika pokoma. Kudzudzula kolemera kwambiri kunali kwa magulu a anthu. Ku India nkhani ya mtundu umene munthu wabadwiramo ndi yaikulu, ndipo Ambi ndi wa gulu la maBrahmin, lomwe mwa chikhalidwe chakale limaikidwa pamwamba. Nde ena anafunsa kuti bwanji munthu woyera mtima wophunzitsa dziko lonse khalidwe akhale wa gulu limenelo, akulanga anthu wamba ndi zilango zochokera m'buku la chipembedzo. Ku Tamil Nadu, komwe ndale zake kwa zaka zambiri zakhala zolimbana ndi ulamuliro wa maBrahmin, funso limeneli si laling'ono. Ife oonera kutali zimenezi zimatidutsa, timangoona loya wovala zoyera.

Matenda a Ambi alipodi kapena ndi zopeka?

Alipo, kale madokotala ankawatcha multiple personality disorder, masiku ano amati dissociative identity disorder, ndipo nthawi zambiri amakhudzana ndi zowawa zazikulu zimene munthu anakumana nazo ali mwana. Mbali imeneyo filimuyi inalondola, dokotala wake yemwe anasewera ndi Nassar amafukula nkhani ya Vidya ija. Koma zoti munthu akasintha amapeza mphamvu zomenya anthu 100, tsitsi nkusintha lokha, ndi zokometsera za sinema basi. Ndipo odwala matenda a m'maganizo ambiri sakhala oopsa kwa ena, kawirikawiri iwowo ndi amene amachitidwa nkhanza. Ndikunena izi chifukwa kwathu kuno munthu akadwala mutu timathamangira kumumanga zingwe ndi kumuopa, nde filimu ngati iyi ukaimeza yonse osatafuna imangowonjezera mantha amenewo.

Ndiye filimuyi ikuti tizilanga tokha olakwa?

Ili ndi funso limene limandivuta, ndipo ndimakangana nalo ndekha. Pakamwa filimuyi imati Anniyan ndi matenda, munthuyo akufunika chipatala. Koma kamera imanena zina, Anniyan akamalowa nyimbo imagunda, mphepo imaomba, amaoneka ngati mulungu, pamene Ambi amene amatsata njira yoyenera, kulemba madandaulo ndi kupita kukhothi, amamuonetsa ngati chitsiru choseketsa. Woonera aliyense amatuluka akufuna kukhala Anniyan, palibe amafuna kukhala Ambi.

Ndinaionerapo ulendo wina m'kachipinda ka vidiyo, mabenchi a matabwa, jenereta ikulira kuseri, ndipo pamene wa zakudya uja amalowa m'mafuta anthu anaimirira kukuwa kuti ameneyo, amuonetse. Ndinakuwa nawo, sindinama. Koma mawu amenewo ndinawamvaponso pamsika tsiku lina anthu atagwira mnyamata amene amamuganizira kuti waba foni, wina akuthamangira kukatenga tayala, ndipo apolisi akanachedwa pang'ono bwenzi tikunena zina. M'filimu wolemba anaonetsetsa kuti aliyense wophedwa ndi wolakwadi, tinaona ndi maso athu. Pamsika palibe anaona kalikonse, wina anangoloza chala. Ndipo olo m'filimu momwemo, munthu wozemba msonkho wa malo afe? Wokana kunyamula wovulala ndi woipa mtima, inde, koma kupondedwa ndi njati?

Ndinamva kuti akufuna kuipanganso m'chiHindi, zinatha bwanji?

Mu April 2021 Shankar analengeza kuti aipanganso ndi Ranveer Singh, ndalama zochokera ku Pen Studios. Pasanathe nthawi Ravichandran anatulukira nkunena kuti nkhaniyo ndi yake poti ndiye anaika ndalama pa yoyamba, Shankar nkuyankha kuti nkhani analemba ndi iye ndipo sanaigulitse kwa wina aliyense. Mkangano unakula, Shankar anatanganidwa ndi mafilimu ena, ntchitoyo inangoima. Mwezi womwewo Vivek anamwalira, ndipo Nedumudi Venu amene anasewera bambo ake a Ambi anatsatira mu October chaka chomwecho. Kunena zoona ine sindikuilira, Shankar atabwereza Indian mu 2024 ndi gawo lachiwiri anthu ambiri anakhumudwa nayo, ndiye mwina bola iyi aisiye mmene ilili.

Ndiionere m'chilankhulo chanji?

Ngati mungapeze ya chiTamil yokhala ndi mawu achizungu pansi, tengani imeneyo. Theka la ntchito ya Vikram lili m'mawu, ndipo wina akamulankhulira pamwamba zimatayika. Ndimawakonda anyamata athu omasulira mafilimu m'Chichewa, amatiseketsa, koma pa chipinda chozunzira chija pamafunika kuti pakhale chete umve munthuyo akusintha mpweya.

Imatha bwanji? Ambi amachira?

Kukhothi dokotala amafotokoza za matendawo, nde m'malo mwa ndende woweruza amamutumiza kuchipatala cha odwala maganizo. Remo anali atazimiririka kale Nandini atavomera kukonda Ambi mmene alili. Patatha zaka ziwiri amatuluka akuoneka kuti wachira, amakwatira Nandini, ndipo akukwera sitima kupita kokasangalala ukwati. M'sitimamo muli bambo wina akumwa mowa poyera pakati pa anthu, ndipo ndi wa zamagetsi yemwe uja amene mphwayi zake zinaphetsa Vidya. Nandini akumuyang'anitsitsa mwamuna wake kuti aone ngati asinthe, koma Ambi akungomwetulira ngati sizikumukhudza, mkazi mtima nkukhala pansi. Kenako Nandini atachokapo pang'ono, bambo uja akuponyedwa kunja sitima ili pa liwiro, ndipo pamene mkazi akubwerera akupeza mwamuna wake ali phee, akumwetulira ngati poyamba paja.